Za Chithunzi ndi Wopalasa Bwato

Abale, munthu akakwera phiri pamwamba pa Naisi tsiku lopanda mitambo, aona nyanja ya Chilwa ili mbee kum'mawa, kumene madzi a Domasi akathera. Mabuku atiuza kuti David Livingstone ndi John Kirk anafika panyanjayo mu April 1859, atasiya sitima yawo m'Shire nayenda pansi. Kirk anali ndi makina ojambulira, ndipo zithunzi zake zili mwa zoyamba za dziko lino. Pa ichi tiyamika ndithu.

Koma tilingalire. Anthu amati chithunzi sichinama, ndipo n'zoona. Komatu sichinena zonse, pakuti wogwira makina ndiye asankha choonetsa ndi chosiya. Mu 1860 bwato la Kirk linagubuduzika pa mathithi a Kebrabasa m'Zambezi, ndipo zolemba zake zinamira. Za mapepalawo timawerenga kufikira lero. Nanga amuna amene anagwira nkhafi tsiku lija, naika moyo wawo pachiswe pamodzi naye, mwana wa sukulu ndani angatchule dzina la mmodzi?

Tisafulumire kuloza alendo chala, popeza makinawo tsopano ali m'matumba mwathu. Pamene Chilwa inaphwa mu 2018, zithunzi za mabwato ogona pa matope ong'aluka zinafika m'maiko akutali. Wina adzati, Kodi si bwino kuti dziko lidziwe tsoka la asodzi, kuti thandizo lidze? Sitikana, ndipo mawuwa ali ndi mphamvu. Chotivuta ndi chakuti umphawi wa munthu uli ngati chilonda: auvundukulira sing'anga mwa kufuna kwake, koma wopita m'njira sayenera kuuvundukula.

Ifenso tinagwa m'cholakwa chomwechi. Tinatsikira ku Kachulu ndi ana a sukulu, ndipo tinaona nkhalamba ikukankha bwato ndi nsungwi pakati pa mabango, matemba ali pang'ono m'dengu. Kukongola kwake kunatikopa, tinajambula osapereka ndi moni womwe, ife amene tiphunzitsa ana ulemu m'mawa uliwonse! Mkuluyo anakocheza, natiyang'ana, nati, "Aphunzitsi, nkhope yangayo mukupita nayo kuti?"

Tinapepesa, tinam'funsa dzina, ndipo anatiuza. Koma funso lakelo sitinaliyankhe, ndipo ana anaona kuti sitinaliyankhe.