Kodi Kukana Kubwereketsa Ndalama Ndi Kuuma Mtima?

Amayi anzanga, ambiri a ife timalandira uthenga wotere mwezi ukamatha: "Alamu, ndithandizeniko K500, ndibweza Lachisanu." Popeza ndalama zimatumizidwa pa Airtel Money kapena MTN, sitinganamizirenso kuti banki ili kutali. Nanga tikakana, kodi tamulakwira mbale wathu?

Makolo anati kupatsa n'kuika, ndipo sananame. Ambiri tinaphunzira sukulu ndi ndalama za amalume kapena azakhali. Koma kupatsa ndi kubwereketsa ndi zinthu ziwiri. Wopatsa amaiwala, wobwereketsa amawerenga masiku. Lachisanu likadutsa, wobwereka amasiya kuyankha foni, ndipo pa maliro amakhala patali nanu. Nkhongole yaing'ono yadanitsa anthu oyamwa bere limodzi.

Nkhanza yeniyeni ili m'mawu akuti "ndidzaona", pamene mumtima mwakana kale. Mnzanuyo amadikira, osapita kukapempha kwina, mpaka tsiku lolipira nyumba limupeza alibe kanthu. Mukadamuuza zoona tsiku lomwelo, akadapeza njira ina.

Tsono tichite motani? Malipiro kapena phindu la geni likabwera, yambani mwachotsa za ufa, nyumba, magetsi ndi za ana. Boma linachotsa fizi m'masukulu ake mu 2022, koma yunifomu, nsapato ndi mabuku olembamo timagulabe. Pa zotsalazo patulani kagawo kothandizira abale. Wopempha K500, ngati mungathe K100 yokha, mupatseni K100 imeneyo ndi kumuuza kuti asabweze. Kagawoko kakatha, nenani mwaulemu kuti, "Pepani, mwezi uno sindikwanitsa."

Musatenge kaloba chifukwa cha munthu wina, pakuti chiwongoladzanja chidzagwera inu. Musakhudzenso ndalama yosonkha ku chilimba, pakuti ndi ya mnzanu amene akudikira nthawi yake. Ngati ndalama yobwereketsayo ndi yambiri, a kunyumba kwanu adziwe, ndipo mulembe papepala pali mboni. Kulemba si kukayika mbale. Kumateteza nonse awiri ku kuiwala.

Matenda adzidzidzi ndi maliro ndi nkhani ina: pamenepo timapereka zimene tili nazo osawerengera. Koma pa zosowa za mwezi ndi mwezi, mayi amene ana ake agona ndi njala chifukwa anachita manyazi kukana, wapereka chakudya chimene sichinali chake yekha. Tiyeni tipatse mokondwera zimene tingathe, ndipo zimene sitingathe tizikane msanga ndi mwachifatso.