Munkoyo wa Ambuya ndi Vinyo wa M'bokosi

Padangokhala ambuya ena ku George, komboni yogundana ndi Matero mumzinda wa Lusaka. Ankalera adzukulu awiri aamuna, ana a mwana wawo wamkazi amene adatsikira kulichete anawo akadali aang'ono. Pakhomopo ankadya za munkoyo. Ambuya ankaphika phala la mgaiwa mumgolo, nkulisiya mpaka chala chizitha kupirira kutentha kwake. Kenako ankasinja mizu ya munkoyo pamwala nkuiviika m'phalamo, ndipo phala lolimba lija limasungunuka nkuyamba kutsekemera. Akasefa, ankathira m'chipanda chachikulu chimene adasiyiridwa ndi amayi awo. Chipandacho sankachitsuka ndi sopo, chifukwa m'kati mwake ndimo munkakhala mphamvu yosasitsa munkoyo watsopano.

Anyamatawo adatsiriza giredi 12 koma ntchito idasowa. Wamkulu anali wochenjera pakamwa, woti akhoza kukugulitsa nsapato yako yomwe. Wamng'ono anali wofatsa, wa mafunso osatha.

Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi ku Matero, adacheza ndi wansembe wina wokalamba amene adaphunzira ku Roma ali mnyamata.

“Ana anga,” adatero wansembeyo, “ku Italy kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuyenda pansi ndi alendo. Amawayendetsa pa Via Appia, msewu umene Aroma adayamba kuumanga m'chaka cha 312 Yesu asanabadwe. Ena amawalowetsa mu Pompeii, mzinda umene udakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79. Mumaona nyumba, mauvuni a buledi, ngakhale malo ogulitsira zakudya ndi zakumwa, mitsuko ili m'malo mwake. Minda ina ya mphesa ya mumzindamo adaibzalanso. Miyendo ikalema, alendo amakhala pansi nkulawa vinyo wa m'dera lomwelo, mwini munda akuwafotokozera. Amalipira bwino ndithu. Koma woperekeza alendo amayamba waphunzira nkulemba mayeso, ndipo pamenepo ndiye amapatsidwa chilolezo.”

Pobwerera kunyumba, wamkulu ankangobwereza zoti amalipira bwino. Wamng'ono adali chete, akudzifunsa kuti za ku George munthu angakaziphunzire kuti.

M'mawa mwake wamkulu adabwereka ndalama, adapita m'tauni nkugula vinyo wa m'bokosi wochokera ku South Africa. Ambuya ali ku msika, iye adatenga chipanda chija nkukhuthuliramo vinyoyo. Adazungulira malo ogona alendo ku Kabulonga ndi ku Rhodes Park, ndipo sabata isanathe adabwera ndi azungu asanu, zipewa kumutu, makamera m'khosi.

Zimene ankawauza n'zomvetsa chisoni. Ankati dera la Roma, lomwe lili mu Lusaka momwemo, adalimanga ndi asilikali a Kaisara amene adasochera ku Africa. Ankawaonetsa mulu wa njerwa zakale nkunena kuti panali posambira Aroma. Ankawalowetsa m'mipanda ya eni popanda odi. Alendo ankajambula ana akusamba pabwalo, amayi akukanganirana pampopi, nkhalamba ili gone pamphasa ndi malungo. Pomaliza ankawamwetsa vinyo uja ndi chikho nkunena kuti ndi vinyo wa makolo a ku George, wofululidwa ndi zipatso za m'tchire. Ndalama yonse inkalowa m'thumba mwake. Mwezi usanathe adagula foni yatsopano ndi nsapato zoyera.

Ambuya adazindikira munkoyo utawonongeka kawiri motsatizana.

“Iwe, chipanda changa chikununkha zachilendo. Wathiramo chiyani?”

“Ambuya, imeneyi ndi bizinesi ya masiku ano. Inu simungaimvetse.”

Ambuya sadayankhe. Adataya mgolo wonse wa munkoyo kudzala, ndipo sabata imeneyo pakhomo padadyedwa nsima ya chiwawa chopanda mafuta.

Nthawi yonseyi wamng'ono anali ndi kope ndi pensulo, akuyenda khomo ndi khomo. Akafika kwa munthu wamkulu ankagwada, nkupereka kapaketi ka shuga, nkupempha kuti amuuze za kale. Adayambira kwa ambuya ake omwe.

“Ambuya, bwanji kuno timati ku George?”

“Mdzukulu wanga, panali mzungu wachigiriki, George Hadjipetrou, amene anali ndi ntchito youmba njerwa pamalo ano. Atate anga ankaponda dothi kwa iyeyo. Antchito adamanga tinyumba tawo pafupi ndi ntchito, abale akumudzi nkumawatsatira, komboni nkukula. Pita ukafunse ku Marapodi, akakuuza za Mtaliyana Giovanni Marrapodi amene ankawotcha laimu ndi njerwa. Pita ku Chawama, akakuuza kuti kale ankati kwa Roberts. John Laing ndi John Howard anali makampani a zomangamanga. Maina ndi a mabwana, koma manja anali a makolo ako. Iwo ndiwo adamanga Lusaka, pamene malamulo sankafuna kuti akhazikikemo.”

Mnyamatayo adamva zambiri zimene sadazimve kusukulu. Adamva kuti likulu la Northern Rhodesia litasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, mwamuna wakuda ankayenda ndi chitupa, ndipo mkazi wopanda umboni wa ukwati ankatha kubwezedwa kumudzi. Adamva kuti khonsolo inkafuna anthu azimwera m'nyumba zake za mowa zokha, choncho apolisi ankabwera m'bandakucha kudzagubuduza migolo ya amayi ofulula, ndipo amayi a ambuya ake ankakwirira mtsuko pansi pa mphasa yogonera ana. Nkhalamba ina ya ku Matero idamugwira dzanja mpaka pa Monze Road nkumuonetsa nyumba nambala 3144, imene idali likulu la chipani cha UNIP kuyambira 1959 mpaka 1961, dziko lisanalandire ufulu pa 24 October 1964. Tsiku lina ambuya adatsegula sutikesi yawo nkutulutsa pepala lofiirira ndi ukalamba, chilolezo cha zaka 30 chokhalira pamalo, chimene chidabwera ndi lamulo la nyumba la 1974. Adati asanalandire pepalalo ankagona khutu lili panja, kuopa kuti kucha nyumba igwetsedwa.

Wamng'ono sankalemba chilichonse chimene wangomva kwa munthu mmodzi. Ankafunsanso wina, ndipo za zaka ndi masiku ankakazitsimikizira ku Lusaka National Museum pa Independence Avenue. Khomo lililonse ankalifunsa zinthu zitatu: ngati angabwere ndi alendo, chimene alendowo sayenera kujambula, ndi gawo la ndalama limene eni khomo angakhutire nalo. Mkulu wake ankamuseka kuti chilimwe chonse chatha akugulira nkhalamba shuga.

Ndiye lidafika tsiku. Pakati pa alendo a wamkulu panali mayi wina wovala magalasi akuda, amene adabwera ndi mwamuna wake wachizungu ndi ana awiri kuchokera ku London. Mnyamatayo sadadziwe kuti mayiyo adabadwira ku Matero ndipo adabwera kudzaonetsa ana ake kwawo. Adamvetsera za asilikali a Kaisara osanena kanthu. Adalawa vinyo wa m'chikho nkumulavula. Atafika pamulu wa njerwa paja, adavula magalasi nkulankhula m'Chinyanja.

“Iwe mwana, ndiwe wa kwa yani? Njerwa izi adaumba ndi anthu onga ambuya anga. Ukuwalanda thukuta lawo nkulipereka kwa Aroma amene sadapondeko kuno? Nditengere kwa akulu ako.”

Anthu adasonkhana. Pakati pawo padatulukira mayi wina wa mumsewu wa kumpopi, foni ili m'manja, akunjenjemera ndi mkwiyo. Mlamu wake adali atamutumizira chithunzi cha mwana wake wamkazi ali maliseche m'beseni, chikuzungulira pa intaneti, pansi pake patalembedwa kuti ndi mwana wamasiye wosowa chakudya. Mwanayo anali ndi atate ndi amayi, ndipo sadagonepo ndi njala.

Khamu lonse lidakathera pakhomo pa ambuya. Iwo adatuluka, adamva zonse, adakhala pansi pafumbi nkufunda chitenje kumutu. Madzulo atcheyamani a deralo adaitanitsa msonkhano nkugamula kuti mlendo wa kamera asadzaonekenso m'misewu imeneyo, kaya wabwera ndi wamkulu kaya ndi wamng'ono. Wamng'ono adayesa kuonetsa kope lake, koma atcheyamani adati nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Ntchito ya chilimwe chonse idathera pomwepo.

Usiku umenewo wamkulu adayamba kulongedza zovala kuti athawire kwa mnzake ku Kanyama. Ambuya adaima pakhomo.

“Ukathawa, manyazi awa atsala ndi ine ndi mng'ono wako. Khala pansi. Udaganiza kuti komboni ndi tchire loti aliyense athyolemo. Mbiri ili ndi eni ake, nkhope ya mwana ili ndi eni ake, chipanda chili ndi mwini wake. Udagulitsa zinthu zimene sudapemphe, ndipo zimene zidali zoona udazitaya nkuikapo bodza, ngati kuti zathu n'zochititsa manyazi. Mawa ugulitsa foniyo ndi nsapatozo. Tiyenda tonse atatu.”

Adayendadi, khomo ndi khomo, ambuya patsogolo ndi ndodo yawo. Paliponse pamene adalowetsapo alendo popanda odi, wamkulu ankagwada, nkunena yekha chimene adalakwa, nkusiya ndalama m'mbale. Ena adalandira. Ena adamutukwana kaye nkulandira pambuyo pake. Ndalama zitatha makomo asanathe, adakagwira ganyu youmba mabuloko mpaka ngongole yonse idatha, ndipo zikhatho zake zidachita matuza kwa nthawi yoyamba. Adapitanso kumalo ogona alendo kuja kukapempha kuti amuthandize kupeza amene adaika chithunzi cha mwana uja. Chidachotsedwa, ngakhale kuti palibe amene akanatha kuchifafaniza m'mafoni onse amene chidafikamo.

Mvula idagwa, misewu idadzaza matope, idaumanso. Ambuya adagula chipanda china ku Soweto Market, ndipo padatenga migolo ingapo kuti munkoyo wake uyambe kukoma monga kale. Chakale chija, cha amayi awo, sichidabwererenso pantchito.

Chaka chitatembenuka, nkhalamba ya pa Monze Road ija ndi ena amene wamng'ono adawachezera adapita okha kwa atcheyamani kukamupepesera. Adati mwanayu adatifunsa mwaulemu, ndipo ife tikufuna zimene tikudziwa zimveke tisanafe. Adaloledwa makomo asanu okha, alendo osapitirira asanu ndi mmodzi paulendo, kamera m'thumba mpaka mwini khomo atavomera.

Ulendo unkayambira pa nyumba 3144, nkudutsa mumsika wa Matero, nkulowa mu George. Pakhomo lililonse wolankhula anali mwini khomo, wamng'ono nkumangomasulira. Pomaliza alendo ankakhala pamipando yamatabwa kwa ambuya, nkusinja okha muzu wa munkoyo, nkulawa wa tsiku limodzi wotsekemera ndi wa masiku atatu wowawasa, kenako thobwa la chimera cha mawere la mayi wina wochokera ku Chipata. Nyengo ya masuku ankadyanso masuku. Ndalama ankaiwerengera poyera, aliyense nkutenga gawo lake. Wamkulu ankanyamula chigubu cha madzi osamba m'manja ndi kutsuka zikho, ndipo padapita nthawi yaitali asanaloledwe kufotokozera alendo kanthu.

Anyamatawo adapita katatu kwa mayi wa mwana wojambulidwa uja kukapempha kuti alendo azingodutsa mumsewu wake, poti ndiwo wachidule pochokera kumsika. Katatu konse mayiyo adakana, ndipo ambuya adati asamuvutitsenso. Choncho alendo akafika pampopi amakhotera kumanzere nkuzungulira mtunda wautali padzuwa, ndipo akafunsa chifukwa chake, wamkulu ndiye amaima nkuwafotokozera zimene adachita.