Kodi Nyambo ndi Bodza?

Asilikali a Britain ndi America asanakocheze ku Normandy pa 6 June 1944, anayamba apanga gulu lankhondo lomwe kunalibe. Kummwera chakummawa kwa England anayandamitsa ngalawa zonamizira, mauthenga a pa wailesi ankamveka ngati kuli asilikali miyandamiyanda, ndipo mbiri inawanda yoti mtsogoleri wawo ndi George Patton. Ankafuna Ajeremani akhulupirire kuti adani adzawolokera ku Pas-de-Calais, pomwe nyanja ndi yopapatiza. Nyamboyo inagwira: magulu ambiri a Ajeremani anakhala kumeneko masabata angapo kudikira nkhondo yosabwera. Anthu opemphera, omwe amalanga mwana akanama, samaona cholakwa pa nkhaniyi. Sindikuganiza kuti akudzitsutsa, koma chifukwa chimene amapereka kawirikawiri n'chosakwanira.

Chifukwacho chinachokera kwa Thomas Aquinas. Iye anati kupusitsa mdani kuli pawiri: kumuuza zabodza kapena kuswa lonjezo, zomwe n'zoletsedwa nthawi zonse, ndi kungomubisira zolinga zako, zomwe n'zololedwa. Umboni wake unali Yoswa chaputala 8, pamene Aisraeli ena anabisala kuseri kwa mzinda wa Ai, ena n'kunamizira kuthawa, amuna a mumzindamo n'kuwathamangira kusiya mzinda wosatseka. Koma Yoswa sanangobisa zolinga. Miyendo ya asilikali ake inalankhula momveka kuti agonja, pomwe sanagonje. Ngalawa ya nsalu ndi zitsulo nayonso imanena kanthu kwa woyendetsa ndege amene akuijambula. Tikati tchimo lili m'mawu otuluka pakamwa okha, ndiye kuti wochenjera aliyense adzanama ndi manja, pakamwa ali duu.

Malire enieni ali pa chimene nyamboyo ikukokera mwa munthu. M'chigwa cha Zambezi ndi madera ena amatchera nsalu zabuluu ndi zakuda zopaka mankhwala kuti kashembe aziyesa nyama, ndipo palibe amati wotcherayo wanama, poti ntchentche sinamukhulupirirepo. Mkulu wankhondo ndi munthu, inde, koma naye sayembekeza choonadi kwa mdani wake. Amatuma akazitape podziwa kuti zimene akuona mwina n'zomutchera. Akapusa, wapusitsidwa ndi maganizo ake omwe komanso dyera lofuna kupambana msanga. Lamulo la 1977 lowonjezera pa mapangano a ku Geneva linadula pomwepa. Gawo 37 limalola kudzibisa, kuika zinthu zonamizira ndi kumwaza mbiri zosokoneza, koma limaletsa kupha, kuvulaza kapena kugwira mdani ponamizira kugonja, kuvulala kapena kukhala munthu wamba. Msilikali amene watsitsa mfuti ataona mbendera yoyera wachita zimenezo mwa chifundo ndi kumvera lamulo. Kumupha pamenepo ndi kusandutsa ubwino wake msampha, ndipo amene adzalipire ndi wogonja weniweni wa mawa, yemwe adzaomberedwa manja ali m'mwamba.

Wina adzati Augustine wa ku Hippo sankalola bodza ngakhale lopulumutsa moyo. N'zoona. Cha m'ma 420, munthu wina dzina lake Consentius atafunsa ngati Akhristu anganamizire kukhala a m'gulu la opemphera lotsatira Priscillian kuti awaulule, Augustine anakana kwamtuwagalu. Koma Augustine yemweyo, pofotokoza buku la Yoswa, anati kubisalira sikuipitsa nkhondo yachilungamo. Zinthu ziwirizi sizikulimbana. Wolowa m'gulu la opemphera monamizira amadya nawo, amatchedwa mbale, ndipo nyambo yake ndi ubale womwewo. Chitsutso cholemera kuposa ichi n'chakuti aliyense angathe kutcha mnzake mdani kuti amunamize mtima uli m'malo: wamalonda wogula, wandale wovota. Yankho n'lakuti udani wake uyenera kudziwika mbali zonse ziwiri. Wogula feteleza wosakaniza ndi mchenga sanauzidwe kuti ali pankhondo. Anabwera akukhulupirira thumba ndi sikelo.

Muyeso umenewu suwasiya onse a 1944 ali oyera. Chimene chinakhutiritsa kwambiri Ajeremani sichinali ngalawa zija, koma akazitape a mbali ziwiri monga Juan Pujol García wa ku Spain, amene Angerezi ankamutcha Garbo. Ajeremani ankamuyesa wawo, ankamulipira, mpaka anamupatsa mendulo ya Iron Cross, iye akuwatumizira malipoti opeka ochokera kwa akazitape omwe kunalibe. Ameneyu ali pafupi ndi zomwe Consentius ankafuna kusiyana ndi zomwe Yoswa anachita. Ndikuvomera kuti ankalimbana ndi ulamuliro wa nkhanza zosaneneka ndiponso kuti anapulumutsa anthu ambiri, ndipo sindingamuike m'gulu la onamizira mbendera yoyera, poti anadyera pa chikhulupiriro cha omulemba ntchito, osati pa chifundo chawo. Komabe zimene ankatumizazo zinali mabodza, ndipo womuikira kumbuyo ayenera kunena poyera kuti pano wasiyana ndi Augustine.