Anatsanzika Masiku 8, Anakhala Miyezi 9

Mawu a Mulungu: Yeremiya 28:1-17 ndi 29:4-14

 Tisanalowe m'mawu amene tawerengawa, tiloleni tikukumbutseni nkhani imene ena mwa inu munaimva pa wailesi.

Pa 5 June 2024, anthu awiri a ku America, bambo Butch Wilmore ndi mayi Suni Williams, anakwera chombo chatsopano chotchedwa Starliner kupita mumlengalenga. Kumeneko kuli nyumba yaikulu yochitiramo kafukufuku, imene imazungulira dziko lino pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 pamwamba pathu, kuposa kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe. Imazungulira dziko lonse pa mphindi 90 zokha, moti okhalamo amaona dzuwa likutuluka ka 16 pa tsiku limodzi. Madzulo ena, chiperoni chikatileka, imaoneka ngati nyenyezi yowala yoyenda mosaphethira. Awiriwa anatsanzika kwawo kuti akakhala masiku 8. Ngakhale masutikesi awo anatsitsidwa m'chombomo kuti mulowe pampu yokakonzera makina a madzi. Anthu a masiku 8 zovala zambiri n'zachiyani?

Ali m'njira chombo chinkataya mpweya wa helium, ndipo poyandikira nyumba ija timainjini 5 mwa 28 towongolera chombocho tinaleka kugwira ntchito. Anafika ndithu, koma kubwerera kunasanduka nkhani. Pa 24 August, bungwe la NASA limene linawatuma linalengeza kuti chombocho chibwerera chopanda munthu, ndipo awiriwa adikira china. Chinateradi bwinobwino mu September, chili chokha. Wina akhoza kunena kuti akanangokwera. Koma bungweli linali litataya kale anthu 7 mu 1986, ndi enanso 7 mu 2003 pamene chombo cha Columbia chinasweka pobwerera. Linasankha kuwauza zoona zowawa osati kuwaika m'chombo chokayikitsa. Anaponda dziko pa 18 March 2025, patapita masiku 286.

Tikudziwa kuti ena amati munthu akufunanji kumwamba, n'kutikumbutsa za nsanja ya Babele. Funso limenelo tawasiyira ansembe. Ife nkhaniyi yatigwira chifukwa ulendo wotalika mosayembekezeka timaudziwa m'nyumba mwathu.

Ana a Israeli nawonso anaudziwa. Mfumu Nebukadinezara itawatenga ukapolo kupita ku Babulo, aliyense ankafuna kumva tsiku lobwerera. Ndiye ku Yerusalemu kunadzuka mneneri Hananiya amene anawapatsa tsikulo: zaka ziwiri zisanathe, zonse zibwerera. Anafika mpaka pothyola goli lamtengo limene Yeremiya anavala pakhosi. Anthu ayenera kuti anaomba m'manja. Koma Mulungu sanamutume, ndipo chaka chomwecho Hananiya anamwalira. Yeremiya ndiye analembera akapolowo kalata yosakoma kuimva, yowauza kuti zaka zake ndi 70. Anawalangiza kumanga nyumba, kulima minda n'kudya zipatso zake, kukwatira ndi kukwatitsa ana, ndiponso kupempherera mudzi womwewo umene unawagwira ukapolo. Lonjezo lakuti Mulungu akuwaganizira zabwino, vesi 11 imene timaikonda kuilemba pamakhadi, lili m'kati mwa kalata yomweyi. Linapita kwa anthu amene ambiri a iwo sakanadzaonanso kwawo.

Amayi, tidzifunse moona mtima: pa kuyendera odwala ndi ovutika, kodi timafanana ndi ndani pa aneneri awiriwa?

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tinaona zambiri pa wodi. Mayi amabwera kudzadikirira wodwala wake atanyamula chitenje chimodzi ndi kaufa ka masiku atatu. Kale odwala TB ankagonekedwa miyezi iwiri akubayidwa jakisoni tsiku ndi tsiku. Sabata yoyamba achibale amadzadza pabedi, aliyense ndi mawu a Hananiya: "Musadandaule, Loweruka mutuluka." Loweruka likadutsa, n'kudutsanso lina, oyendera aja amatha mmodzimmodzi, mwina chifukwa cha manyazi kuti zimene analosera sizinachitike. Wodwala amatsala ndi mafunso, kuti kodi chikhulupiriro changa n'chochepa? Ena ankathawa usiku mankhwala asanathe, chifukwa anauzidwa kumudzi kuti achira kale. Ankabweranso atanyamulidwa, ndipo ena sankabweranso. Tsiku labodza limapha, ngakhale litaperekedwa mwachikondi ndi pemphero pamwamba.

Si kuchipatala kokha. Pali bambo amene anapita ku Joni nati abwera pa Khirisimasi, lero ana akulemba mayeso a Sitandade 8 asanamuone. Pali mabanja amene namondwe Freddy anawathamangitsira m'masukulu ndi m'matchalitchi mu March 2023, akuganiza kuti agona usiku umodzi. Pali mtsikana amene anasiya sukulu kwa teremu imodzi kuti asamale agogo ofa ziwalo.

Tsono taonani mmene awiri aja anakhalira. Sanakhale pawindo kuwerenga masiku. Analowa m'gulu la ogwira ntchito m'nyumbamo: kukonza makina, kuchita kafukufuku, ngakhale kusamalira chimbudzi. Mu September 2024 mayi Williams anapatsidwa udindo woyang'anira nyumba yonseyo. Bambo Wilmore, amene ndi mkulu wa mpingo wa Baptist kwawo ku Texas, ankatsatira mapemphero a mpingo wawo kudzera pa intaneti ali komweko. Ndiko kumanga nyumba ndi kulima munda ku Babulo kumeneko.

Pali chinthu china chimene ife anamwino chatikhudza kwambiri. Kumwambako thupi silimva kulemera, munthu amangoyandama. Zimamveka zokoma, koma mafupa ndi minofu zikasowa katundu zimayamba kutha. N'chifukwa chake aliyense wokhala kumeneko amachita masewero olimbitsa thupi pafupifupi maola awiri tsiku lililonse, afune asafune. Chimodzimodzi wodwala wogonera: miyendo imaonda, pamsana ndi m'chiuno pamabuka zilonda. Tinkamutembenuza maola awiri alionse, tinkamukhazika tsonga, tinkamuyendetsa pang'ono akutinyoza kuti ndife ouma mtima. Mzimu nawonso ndi wotero. Mayi amene wakhala miyezi akusamala wodwala, osafika kutchalitchi, osalandira Ukaristia, osapemphedwa ngakhale kutsogolera pemphero, amafota pang'onopang'ono osadziwa. Tikamamuyendera, tisamangomumvera chisoni. Timupatse Baibulo atiwerengere ndi iye. Timufunse nzeru pa nkhani za nthambi yathu. Tiwauze abambo wansembe kuti akafike ndi Sakramenti. Akadali mayi wa Umodzi, yunifolomu yake sinathe ntchito.

Koma awiri aja sakanatha paokha. Pansi pano panali anthu amene sanagone, olankhula nawo usana ndi usiku. Zombo zonyamula katundu zinkapita ndi chakudya, ndipo zovala zawo zija zinawatsatira pambuyo. Ndiye pali ichi chimene wailesi sinachikambe kwambiri. Chombo chimene chinakawatenga chinanyamuka pa 28 September 2024 ndi anthu awiri okha m'malo mwa anayi, kuti mipando iwiri ipite yopanda anthu. Amayi awiri, Zena Cardman ndi Stephanie Wilson, amene anakonzekera ulendowo nthawi yaitali, anauzidwa kuti atsale. Kuti wina abwerere kwawo, wina anataya malo ake.

Ifenso tisanamizane kuti utumiki uwu ndi waulere. Kuno kwathu nthawi ya mvula tiyi akaphuka, tsiku limodzi losathyola ndi ndalama yotayika. Kabaza wopita kuchipatala salipiridwa ndi aleluya. Kukakhala pabedi la wodwala usiku umodzi kuti mnzathu apite kunyumba akasambe, akaone ana ndi munda wake, ndiko kupereka mpando wako. Timadziwa kusonkha mwachangu pamaliro, ndipo n'zabwino ndithu. Chimene chimativuta ndi mwezi wachitatu ndi wachinayi wa matenda, pamene nkhani yazizira ndipo palibe wotiona.

Tisaiwalenso za tsiku lobwerera. Chombo chitatera panyanja pafupi ndi Florida, awiriwa sanatuluke akuthamanga. Anawathandiza kutuluka n'kuwaika pa machira, ndipo panatenga masabata angapo akuphunzitsa thupi kuzoloweranso dziko. Palibe anawaseka kuti akatswiri otani olephera kuyenda. Nanga ife timamulandira bwanji wobwera ku Joni chimanjamanja, kapena wotuluka kundende, kapena mayi amene wabwera kuchipatala wopanda amene anapita naye? Kawirikawiri timamupatsa moni Lamulungu limodzi, n'kuyembekezera kuti mawa lake agwire khasu ngati sanachoke. Pena timanong'onezana kumbuyo kwake. Munthu wotere miyendo yake sinalimbe, afunika womugwira mkono kufikira atazolowera.

Choncho pempho lathu kwa atsogoleri a nthambi ndi ili. Pa msonkhano wanu wotsatira, mlembi atsegule tsamba latsopano m'kaundula, alembe onse a m'dera lanu amene ulendo wawo watalika kupitirira mwezi: odwala, owadikirira, ndi mabanja amene akuyembekezera wina. Pambali pa dzina lililonse palembedwe amayi awiri ndi tsiku limene apite, ndi chimene anyamule, kaya ndi ufa, sopo kapena nkhuni. Tsambalo liziwerengedwa mwezi ndi mwezi, ndipo dzina lisafufutidwe mpaka patapita miyezi iwiri munthuyo atabwerera.

Ambuye akhale nanu nonse.