Kalulu, Kamba ndi Nkhokwe ya Aphunzitsi

Padangokhala Kalulu ndi Kamba, ndipo ankaphunzira kalasi imodzi kusekondale ya kunkhalango. Aphunzitsi awo a masamu, a Kadzidzi, analengeza kuti Lachisanu kudzakhala mayeso a statistics. Mutu wake unali uwu: ukaona zinthu zochepa chabe, unganene bwanji za gulu lonse?

Kalulu anaona kuti nkhaniyi ndi yophweka. Analoweza fomyula usiku umodzi wokha, m'mawa n'kumayenda akuitchula pamtima pamaso pa atsikana. Kamba ankavutitsa aphunzitsi ndi mafunso.

"Aphunzitsi, n'chifukwa chiyani mumati tizisankha mwamaere? Nanga bwanji zimene tatolazo zisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a gulu lonse? Bwanji zabwino ndi zoipa zomwe tapeza zifike 10 mbali iliyonse?"

"Iwe Kamba, ukutichedwetsa," anatero Kalulu. "Mayeso ndi kakyuleta basi."

Lachisanu litafika, a Kadzidzi sanagawe mapepala a mafunso. Anatengera kalasi yonse kuseri kwa nyumba yawo, pomwe panali nkhokwe ya ngala za chimanga 5,000.

"Anankafumbwe alowa umu," anatero. "Aliyense andiuze kuti pa ngala 100 zilizonse, zofumbwa ndi zingati. Osawerenga zonse. Mundipatse malire awiri, wam'munsi ndi wam'mwamba, ndipo chikhulupiriro chanu chikhale 95 peresenti."

Kalulu anadumphira pamwamba pa nkhokwe n'kuyamba kutola zomwe dzanja lake linkafikira. Posakhalitsa anaunjika ngala 400, ndipo zofumbwa zinali 20 zokha, kutanthauza 5 peresenti. Anadina kakyuleta, n'kupeza kuti yankho lili pakati pa 3 ndi 7 peresenti. Masamu akewo, kunena zoona, analibe cholakwika ngakhale pang'ono. Anapereka pepala n'kukagona pansi pa mtengo wa masuku.

Kamba anapempha anzake kuti amuthandize kutulutsa chimanga chonse, n'kuphatikizapo ngala zija za Kalulu. Anachiyala pabwalo m'mizere 50, mzere uliwonse ngala 100. Kenaka analemba manambala pa timapepala, ta mizere m'chipewa china, ta malo a mumzere m'chipewa chinanso. Akatola 17 ndi 62, ankakwawa mpaka mzere wa 17, ngala ya 62, kaya ndi yokongola kaya ndi yonyansa, n'kubwezera timapepala tija m'zipewa. Dzuwa linapendeka asanamalize, ndipo anangokwanitsa ngala 100.

Zofumbwa zinali 20. Anachulukitsa 0.2 ndi 0.8, n'kugawa ndi 100, n'kupeza square root yake, yomwe ndi 0.04. Atachulukitsa ndi 1.96 anapeza pafupifupi 8 peresenti yoti achotse ndi kuwonjezera pa 20 ija. Analemba kuti zofumbwa zili pakati pa 12 ndi 28 peresenti. M'munsi anawonjezera kuti njira imeneyi itabwerezedwa kambirimbiri, malire otere angagwire nambala yeniyeni pafupifupi maulendo 95 pa 100 alionse.

Kalulu atadzuka anaseka mpaka kugubuduka. "Mnzanga, 12 mpaka 28? Ndi yankho limenelo kapena kulosera? Ine ndatola kanayi kuposa iwe, ndipo malire anga ndi oyandikana!"

Poti chimanga chinali kale pabwalo, a Kadzidzi analamula kalasi yonse kuti iwerenge ngala imodziimodzi, pamodzi ndi zija za Kalulu. Zofumbwa zinakwana 1,150, ndiye kuti 23 peresenti. Pansi pa nkhokwe panali chimanga cha chaka chatha, ndipo anankafumbwe anali atakhazikika komweko. Pamwamba panali chatsopano.

"Koma Aphunzitsi, fomyula ndinailondola!" anadandaula Kalulu, makutu ali gwa.

"Unailondoladi, mwana wanga. Koma fomyulayo siidziwa kumene watola chimanga. Iwe walawa ndiwo osatakasa mphika, ndipo ngakhale ukanalawa zipande khumi zapamwamba, mchere wapansi sukanaumva."

Kenaka anawasimbira zomwe zinachitikira anthu ku America mu 1936. Magazini ya Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu amene adzamuvotere pa chisankho cha pulezidenti, ndipo mayankho oposa 2 miliyoni anabwerako. Maina ambiri inawatenga m'mabuku a manambala a foni ndi a eni magalimoto, pa nthawi yomwe osauka ambiri analibe zinthu zimenezo. Komanso ambiri mwa olandira makalatawo sanayankhe n'komwe. Magaziniyo inalengeza kuti Alf Landon apambana. Franklin Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48, ndipo patangopita zaka zochepa magaziniyo inatsekedwa.

Kamba anakhoza mayesowo. Kalulu anauzidwa kuti adzalembanso teremu yotsatira, ndipo ntchito yobwezera ngala zonse 5,000 m'nkhokwe inagwera iye, zabwino pazokha, zofumbwa pazokha. Nthano yathera pomwepa.