Namzeze wa ku Nyika ndi Mpando Wopanda Munthu

Mnzathu akasowa pa gulu lathu la maphunziro kwa miyezi ingapo, timati chiyani? Ambiri timafulumira kunena kuti wafooka. Tisanaweruze, tiyeni tiganizire za mbalame ina ya kumapiri.

Pa mapiri a Nyika, pamtunda wopitirira mamita 2,000, pamapezeka namzeze wa nthenga zobiriwira ngati thambo ndi mchira wautali. Amafika cha mu Seputembala kapena Okutobala, mvula ili pafupi. Chisa chake amamanga ndi matope ndi udzu, m'maenje a pansi kapena m'magombe a timitsinje. Amaswa ndi kulera ana ake m'dzinja, pomwe tizilombo touluka tomwe amadya tachuluka. Ikafika Epulo amanyamuka ulendo wa kumpoto, kukakhala kufupi ndi Nyanja ya Victoria, ku Uganda ndi ku Kenya. Mu Juni ndi Julayi, chisanu chikamaumitsa udzu pa Nyika, iye kulibe.

Kodi namzezeyu ndi wosakhulupirika? Ayi. Amachoka kuti akhale ndi moyo, ndipo kukhulupirika kwake kumaoneka pa kubwerera. Chomwe chikumuchepetsa m'madera ambiri si ulendowo, koma zomwe amapeza akabwerera: malo a udzu omwe ankasakamo chakudya atasanduka minda kapena nkhalango za paini.

Wina anganene kuti munthu si mbalame, ndipo akunena zoona. Namzeze sasankha, pomwe munthu anapatsidwa nzeru ndi ufulu wosankha. Ulesi tisautche nyengo. Komabe moyo wa munthu uli ndi nyengo zake zenizeni: kupalira, kudwazika matenda, maliro, ganyu wakutali. Ife sitiona mumtima kuti tisiyanitse ulesi ndi mavuto. Amaona ndi Mulungu yekha.

Choncho udindo uli mbali ziwiri. Wochoka ayesetse kubwerera. Ife otsala tisunge malo ake. Bahá'u'lláh analetsa miseche, ndipo apa tikuona chimodzi mwa zifukwa zake. Tikamunena mnzathu iye kulibe, tikubzala paini pa udzu wake. Tsiku lobwera adzapeza mpando ulipo, koma nkhope zitasintha, ndipo sadzabweranso kachiwiri.

Tikambirane: ndani amene sitinamuone kuyambira pomwe mvula inayamba? Tinanenapo chiyani za iye? Nanga ndani mwa ife apite kukamuona sabata ino, osati kukamufunsa mlandu, koma kukamva za moyo wake ndi kupemphera naye?