Chambo cha pa Khrisimasi: mlandu ndi wa ndani?

Disembala akangolowa, mafoni amadzaza ndi nzeru za kaphikidwe. Uyu akuonetsa keke ya zipatso, uyo nkhuku yowotcha mu uvuni, wina akudula mapepala kupanga nyenyezi zomata pakhoma. Palibe cholakwika. Koma kwa ife a ku Nkope, funso lovuta pa chakudya cha Khrisimasi lili pa nsomba imodzi, chambo.

Khrisimasi ya kwathu siifuna zambiri. Anthu akatsika ku tchalitchi cha Anglican pa mishoni, pakhomo pamakhala mpunga, nkhuku yachikuda, thobwa, ndi chigumu chophika mu poto wa makala pansi ndi pamwamba. Nkhukuyo mabanja ambiri amaipereka kwa mnansi wachisilamu kuti achinje, n'cholinga choti aliyense wolowa pakhomo adye mosakayika. Ana amakhala atayamba kale zawo: kuluka tinyenyezi ndi timphete ta mlaza, kumata unyolo wa mapepala a makope akale ndi phala la ufa wa chinangwa, kumanga mpira wa majumbo. Zonsezi sizilanda munthu kanthu.

Ndiye pamafika alendo, ana a pakhomo pomwepo ochokera ku Blantyre, ku Lilongwe, ena ku Joni. Chikwama chisanatsike n'komwe, mawu oyamba ndi akuti, "Amayi, chambo chilipo? Ndachisowa bwanji!" Mayi wa kunyanja sangayankhe mwana wake kuti kulibe. Amatuma mnyamata kudoko m'bandakucha, ndipo chambo chimapezeka. Mmene chapezekera safunsa.

Vuto ndi nyengo. Miyezi imeneyi chambo chimabwera m'madzi osaya kudzaswana. Chachimuna chimakumba chisa pamchenga, chachikazi chimasunga mazira m'kamwa, ndipo ana akaswa amathawirabe m'kamwa momwemo akaona zoopsa. Aliyense amene anatumbulapo chambo cha mu Disembala anaonapo mazira achikasu akukhuthuka. N'chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka m'nyanja ya Malawi kuyambira mu Novembala. Khoka likakokedwa m'mbali mwa nyanja limasesa zisa, amayi, ndi kasawala yemwe. Zotsatira zake tinaziona pafupi pompa: ku Malombe chambo chinali chambiri, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitatsala pang'ono kutheratu, mpaka mu 1993 anayambitsa makomiti a m'madoko kuti asodzi eniake azitetezera nyanja. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yotha.

Tsono mbale ija ikafika pamkeka, wolakwa ndani?

Yankho lachangu ndi lakuti msodzi, poti ndiye waphwanya lamulo. Ine yankho limeneli silindikhutiritsa. Disembala ndi mwezi woipa m'thumba la munthu wa kumudzi. Chimanga m'nyumba chatha kapena chikutha, munda ukufuna feteleza, fizi ya Januwale ili pakhomo. Chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale sopo ndi nkhani. Mnyamata wokoka khoka la bwana wake usiku, akudziwa kuti akagwidwa ukondewo ulandidwa, sakuchita masewera. Akusankha pakati pa nsomba za zaka zikubwerazo ndi nsima ya mawa. Sindikunena kuti akuchita bwino. Ndikunena kuti mpata wake wosankha ndi wochepa kwambiri.

Wogula uja, wa malipiro a pamwezi, mpata ali nawo wonse. Akapanda kudya chambo pa 25 Disembala sagona ndi njala, nkhuku ilipo. Amene angathe kukana popanda kutaya kanthu, n'kusakana, kwa ine ndiye wasenza gawo lalikulu la mlandu, ngakhale sananyowe ndi phazi lomwe.

Ndikudziwa zimene anzanga amayankha, takhala tikukangana pa WhatsApp. Wina amati, "Aise, nsombayo yafa kale, ndikaisiya iuka?" Siiuka, zoona. Koma ndalama yako sikulipira nsomba yafayo yokha, ikuuza msodzi kuti usiku uno abwererenso. Wina amati ma trawler akuluakulu amakokolola zambiri kuposa bwato la kumudzi, bwanji tikulimbana ndi mbale imodzi? Mfundo imeneyi ili ndi mano, ndipo lamulo likamagwira wa bwato n'kumasiya wa injini, anthu amaleka kulilemekeza. Komabe kulakwa kwa wamkulu sikuchotsa kwako. Kumangosonyeza kuti olakwa ndi ambiri.

Chimene chimandivuta zenizeni ndi china: amayi aja. Kwa iwo kuphikira mwana chambo ndi njira yonenera kuti wafika kwanu, pano ndi panyanja. Ataphika kale, ndi tomato ndi anyezi, mutu akusungira iwe, iwe n'kukankha mbale uku ukuwaphunzitsa za IUCN, pamenepo sukupulumutsa nsomba iliyonse. Wangonyoza mayi ako pamaso pa alendo. Chophikidwa kale idyani, muthokoze. Nthawi yochitapo kanthu inali sabata yathayo, pa foni: "Amayi, chaka chino musavutike ndi chambo, ndikulakalaka usipa wanu uja." Kwathu chilakolako cha mlendo chimamveka ngati lamulo. Ndiye mlendo ayenera kusamala zimene akulakalaka mokweza.

Ena amaona ngati kutseka nyanja ndi nzeru za m'maofesi ndi za azungu a mabungwe. Apite ku Salima akaone chilumba cha Mbenji. Kumeneko ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, asodzi onse n'kuchoka pachilumbapo mpaka mwambo wotsegulira cha mu Epulo. Lamulolo linachokera kwa anthu a kunyanja eniake, ndipo limamveka kuposa ambiri olembedwa pa pepala.

Funso limatsalabe: tikaleka kugula, mnyamata wa khoka uja adya chiyani? Ndalama ya mlendo isabwerere kutauni, ingosintha njira. Gulani nkhuku kwa mayi ake, mkeka ndi chipewa cha mlaza kwa agogo ake, mulipireni akonze denga mvula isanakule. Sizikwana kulowa m'malo mwa khoka, ndipo aliyense wonena kuti zikwana sanakhalepo kudoko mu Disembala. Koma mudzi umene alendo ake onse amafika ndi ndalama akufunsa chinthu chimodzi chomwecho, usadabwe makoka akamalowa m'madzi usiku. Kwa amene chambo sangachipirire, chilipo choweta, cha m'makeji ndi cha m'madamu a alimi. Okalamba amati kukoma kwake sikufika, mwina akunena zoona, koma sichinalandidwe pachisa.

Ndipo mwezi uno suli wouma. Mango apsa, nkhwani zanthete zayamba, mvula ikagwa bwino ngumbi zimatuluka. Usipa wofutsa, ukaudula mitu n'kuutsuka m'madzi ofunda, umangofuna mafuta pang'ono, anyezi, tomato wakupsa kwambiri ndi kambuzi mmodzi. Azakhali anga amaponyamo tizidutswa ta mango osapsa chakumapeto, msuzi n'kuwawasa pang'ono, ndipo amakana kuupereka ndi mpunga. Amati usipa wotere ndi wa nsima ya ufa woyera, mpunga udikire nkhuku madzulo.